A Namakhwa Sanabe Matiresi

Patha sabata zitatu chiikire maliro a apongozi anga, a Namakhwa, ku manda a ku Zolozolo, koma mtima wanga ukadali kuwira. Anthu akandiona nditatupa nkhope amayesa ndi chisoni. Chisoni chilipo, inde. Koma chimene chikundidya kwenikweni ndi mawu amene bambo wina anayankhula pa maliro aja, ataima pafupi ndi bokosi, suti yakuda, nsapato zili phuliphuli, ife tonse tili chete kumvetsera. Ine ndine Nyagondwe, mkazi wa mwana wawo Laisoni. Pa maliro mkazi wokwatiwa pakhomo sapatsidwa mpata woyankhula. Ntchito yake ndi kulira, kutunga madzi ndi kusonkha moto. Ndiye zimene ndinameza tsiku lija ndikuzilavula pano.

A Namakhwa anali a ku Mulanje, Mlomwe wamfupi, wa mapewa otambalala, wometa mpala nthawi zonse. Anabwera kudzakhala nafe ku Chibavi akazi awo atamwalira, zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Chitumbuka chinawakana. Zaka zonsezo anangotola mawu atatu: monire, yewo, ndi mkamwana, limene ankandiitanira ine mkazi wa mwana wawo. Ine ndinkawatcha adada monga timachitira kwathu kuno.

Tinayamba ndi ndewu. M'mawa woyamba ndinadzuka n'kuwapeza ali m'khitchini mwanga, akupemerera mbaula, ketulo yanga ili pamoto. Ine ndinaleredwa kuti bambo a mwamuna wako sumawayang'ana n'kumaso komwe. Ndinagwada pakhomo.

"Adada, yayi, tulukani chonde. Anthu akationa ati chiyani?"

"Akationa amwa tiyi," anatero, osatembenuka n'komwe.

Sabata isanathe Chibavi yense anali atadziwa kuti Nyagondwe akuphikitsa apongozi ake aamuna. Amama anga anakwera kabaza kudzandikalipira. Ndinabisa ketulo pansi pa bedi. Iwo anapita kumsika n'kubwera ndi ina yaikulu ya kaunjika, yopindika m'mbali. Tinalimbana miyezi itatu mpaka Laisoni anatigawira malo: khitchini yanga, khonde lawo.

Pakhonde paja anaikapo benchi. Tsiku lililonse kukangocha, ngakhale m'nyengo ya chifunga pamene zala zimakana kugwira chingwe cha chitsime, madzi ankakhala atawira. Ankaima pamenepo alonda ochokera ku ntchito, a kabaza, amayi opita kukaoda tomato. Sankagulitsa. Munthu ankangokhala pansi n'kulandira kapu. Lamulo lawo linali lakuti mlendo safunsidwa dzina kapena kumene akuchokera asanamwe theka la kapu. Ndipo asanakuyang'ane kumaso ankayamba akuyang'ana kumapazi. Ankati pakamwa pa munthu pamanama kuti ali bwino, koma mapazi sadziwa kunama. Akaona zilonda kapena ming'alu, ankatulutsa beseni la madzi ofunda othira mchere, n'kulamula mwaukali ngati akukalipira mwana: vula nsapato. Amuna aakuluakulu a ndevu ankavula.

Sindikufuna kuwapaka mafuta chifukwa choti amwalira. Anali ndi pakamwa. Shuga wanga ankatha ngati mchenga, ndikadandaula ankati tiyi wopanda shuga wokwanira ndi chipongwe, kuli bwino kungomuthamangitsa munthuyo. Chakudya changa sanachiyamikirepo, chachikulu ankangonena kuti lero mchere sunachuluke. Tsiku lina kunabwera abusa kudzationa. Ndinatulutsa makapu anga a dothi a m'kabati, aja a maluwa. Pabenchi panali mlonda wina atagwira kapu yapulasitiki yong'aluka kukamwa. Adada anadzuka, n'kulanda kapu ya maluwa m'manja mwa abusa asanamwe, n'kuipereka kwa mlonda, ndipo abusa anawatsanulira mu yapulasitiki. Anati pakhonde lawo palibe wa nyenyezi pamapewa. Abusa anaseka mwamanyazi. Ine adada sindinawayankhule masiku awiri.

Lamulungu lililonse ankasita okha jekete lawo n'kupita kutchalitchi, koma ankakhala pa benchi yomalizira kumbuyo. Tsiku la mgonero, mbale zikangoyamba kuzungulira, ankatuluka n'kukaima panja pansi pa mtengo wa paini mpaka nyimbo yotsekera. Nditafunsa Laisoni, anandiyankha mwachidule kuti bambo anadulidwa mu mpingo kalekale kwawo ku Mulanje, nkhani yake inali ya kuba, ndipo ndisadzaifunsenso. Ndinakhulupirira. Ndikunena izi ndi manyazi: kwa zaka zisanu ndinkakiya kabati yanga ndikamachoka pakhomo, kiyi n'kumanga pa chitenje, poopa nkhalamba imene inkatsuka mapazi a anthu osawadziwa.

Zoona zake sindinazimve kwa iwo. Ndinazimva kwa a Chisi, bambo wa mwendo umodzi amene amasoka nsapato pafupi ndi msika wa Zolozolo. Adada anapita kukasoketsa nsapato, n'kuona chitsa cha mwendo chitakulungidwa ndi nsanza yakuda bii. Sanapereke moni. Anangobangula kuti, "Iwe, nsanza imeneyo unaichapa liti?" A Chisi akuti singano inawagwa m'manja. Nkhope anali ataiiwala, koma mawuwo ayi. "Bambo wa kantini!" Masana a tsikulo adada anabwera ndi a Chisi kunyumba pa kabaza, ndodo zili pamiyendo. Adada atapita kukagula makala, a Chisi anandifunsa ngati ndikudziwa munthu amene ndikukhala naye. Kenako anandifotokozera.

Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, asilikali athu anatumizidwa kukalondera njanji imene sitima za katundu wathu zinkadutsa. Akuluakulu anali ndi nyumba zawo ndi ophika awo. Asilikali wamba ankagona paliponse. Ndiye bungwe lina lachikhristu linatsegula malo ogona ndi kantini pa siteshoni ina, kuti msilikali akatsika sitima apeze pogoneka mutu ndi chofunda m'mimba. A Namakhwa anawalemba ntchito chifukwa cha Chilomwe, popeza ankatha kumvana ndi anthu a kumeneko pogula nkhuni, chinangwa ndi nkhuku. Nyumbayo inali yosungiramo thonje kale, denga lake lobooledwa ndi zipolopolo, ndipo anthu ankagona pa masaka. A Namakhwa ankaphika tiyi m'mgolo wodula pakati. Ankawiritsa yunifolomu kuti nsabwe zife, kuyanika masokosi pamwamba pa moto, kulembera makalata amene sankatha kulemba, ndi kusunga timatumba ta amene akukwera sitima, ena osadzabwerera kudzatitenga. A Chisi anati ukalowa mmenemo ankakutukwana chifukwa cha fungo la majombo, koma ndi malo okhawo m'dziko lonse lija amene munthu ankakufunsa ngati wadya.

Woyang'anira ntchitoyo anali a Makwinja, wophunzira, wa taye, amene ankabwera kamodzi pamwezi kuchokera ku Blantyre. Ulendo wina anabwera ndi matiresi atsopano makumi anayi ndi mabulangete, mphatso yochokera kunja. Sanawagawe. Anawakiyira m'chipinda ali m'mapulasitiki awo, akuti mpaka Lachisanu, pamene alendo opereka mphatsoyo adzafike ndi makamera pa mwambo wopereka. Asilikali anapitiriza kugona pa masaka, matiresi ali kuseri kwa khoma.

Lachitatu chakum'mawa sitima inaponda bomba lokwiriridwa pang'ono chabe kuchokera pa siteshoni, zigawenga n'kuyamba kuwombera kuchokera m'tchire. Mvula inali ikugwa kuyambira dzulo lake. Masana ovulala anayamba kufika pa ngolo yokankha ya panjanji, anyowa, matope okhaokha. Ndege yodzawatenga inati singathe kutera mpaka mawa. Simenti ya m'nyumba ija inali madzi okhaokha chifukwa cha denga. A Chisi anali mmodzi mwa ogonekedwa pamenepo, mwendo utaphwanyika pansi pa bondo, ndipo zonse anaziona ndi kuzimva ali chigonere.

"Bwana, kiyi," anatero a Namakhwa.

"Katundu uja sanaperekedwe. Si wathu mpaka Lachisanu."

"Lachisanu ena mwa awa adzakhala atafa."

"Ndiye mukufuna alendo adzapeze magazi? Yalani masaka ouma."

"Ouma ali kuti?"

A Makwinja anaika dzanja m'thumba mmene munali kiyi, osalitulutsanso. A Namakhwa anatuluka panja, n'kubwera ndi chitsulo cha anthu okonza njanji. A Makwinja anaima pachitseko akukuwa kuti akangokhudza loko ameneyo ntchito yawathera pomwepo. A Namakhwa anawakankha ndi chigongono, bwana n'kukakhala pansi m'madzi, ndipo loko anaduka atamenyedwa kachiwiri. Anang'amba mapulasitiki ndi mano. Amene anali ndi mphamvu anathandiza kukoka matiresi ndi kunyamulirapo anzawo, n'kuwafunditsa mabulangete atsopano.

Atatu anafera pa matiresi amenewo. Mmodzi, wa ku Karonga, anali atalasidwa pamimba ndipo ankangopempha tiyi. Wachipatala wa asilikali analetsa kuti asamwe kalikonse. A Namakhwa anathira shuga wambiri m'kapu, n'kumaviika kansalu, n'kumamunyowetsa milomo, atamugoneka mutu pamwendo pawo, mpaka anasiya kupempha. Ena onse anafika ku chipatala ali moyo. A Chisi amati kukanakhala pa simenti paja, kuzizira kukanawamaliza ndege isanabwere.

Lachisanu alendo anapeza matiresi atatsamira khoma padzuwa, amagazi, ena atawotchedwa kale chifukwa sakanachapika. Mwambo unaonongeka. A Makwinja analemba lipoti lakuti wophika anathyola chipinda, anamenya woyang'anira, ndipo matiresi osowawo anawagulitsa kwa anthu a m'midzi. A Namakhwa anakwezedwa sitima yotsatira ndi kachikwama kawo. Kalata ina inapita ku mpingo wawo ku Mulanje, popeza ndiwo unawachitira umboni polembedwa ntchito. Akuluampingo anawerenga kalata yotayipa, ya chidindo, n'kuyang'ana munthu wophika tiyi, n'kusankha kukhulupirira chidindo. Asilikali amene anaona zonse anali atabalalika, ndipo panalibe amene anaganiza zofunsa msilikali wamba. Akuluampingowo anawadula a Namakhwa mu mpingo, n'kuwauza kuti avomereze tchimo la kuba pamaso pa mpingo, aphunzire miyezi ingapo, adzabwezeretsedwa. Iwo anakana.

A Chisi atachoka ndinakagwada patali pang'ono ndi benchi.

"Adada, bwanji simunandiuze?"

"Unandifunsa?"

Ndinalowa m'nyumba, n'kumasula kiyi pa chitenje, n'kukamuponya m'chimbudzi.

Koma ndewu yathu yaikulu inabwera pambuyo pake. Ukalamba utayamba kuwagwira, ndinayamba kuopa. Ndimadziwa lamulo la mpingo wathu: munthu akafa ali wodulidwa, mpingo suyendetsa maliro ake. Ndinawachonderera kuti angovomera. Ndinati Mulungu akudziwa zoona, akuluampingo akungofuna mawu awiri, anene basi kuti adye mgonero asanafe. Anandiyang'ana, maso ali psuu.

"Mkamwana, ukuti ndiname kuti ndikadye mkate wa Ambuye? Ukanditsamwa pakhosi."

"Ndiye mukufuna tidzakuikeni ngati galu?"

"Aja atatu munawaimbira ndinu?"

Ndinawakalipira tsiku limenelo, ine mkamwana, mawu okweza mpaka oyandikana nafe anasuzumira pampanda. Ndinawatcha ouma mutu. Sindinabweze mawuwo mpaka pano, chifukwa analidi ouma mutu, ndipo mbali ina ya mkwiyo wangawu ndi yawo. Anatisiyira ife manyazi a maliro opanda nyimbo. Koma ndikafuna kuwaweruza ndimalephera kupeza pamene analakwa.

Chimene chimandiwawa koposa n'chakuti a Makwinja sanali kutali. Atapuma pantchito anamanga nyumba ku Katawa, ndipo ndi mkulu wa mpingo womwewu, tchalitchi china chabe. Zaka ziwiri zapitazo anafika pakhomo pathu pa galimoto, ali ndi munthu wojambula zithunzi. Bungwe lija linkakonza buku lokumbukira ntchito zake, ndipo ankafuna chithunzi cha wophika wakale wa ku kantini. Ine ndinkayembekezera kuti adada awathamangitsa. Ayi. Anawakhazika pabenchi, n'kuwapatsa tiyi m'kapu yapulasitiki ngati wina aliyense, n'kudikira kuti amweko. Kenako anati:

"Bwana, chithunzi jambulani. Ine ndikupempha chimodzi. Lembani mizere iwiri ku mpingo, yonena kuti Namakhwa sanabe."

A Makwinja anaseka n'kuwagwira paphewa. "Achimwene, mukadasungabe zimenezo? Zakalekale! Tonse tinali achinyamata. Chabwino, ndilemba, musadandaule."

Kuchoka ku Katawa kufika ku Chibavi munthu amayenda wapansi thukuta osatuluka. Kalatayo sinafike. Laisoni anapitako kawiri, mlonda wa pageti n'kumuuza kuti bwana akupuma. Miyezi yoyambirira adada ankati akamva galimoto ikuchepetsa liwiro pamsewu, ankatukula mutu. Kenako anasiya.

Chibayo chinawagwira m'nyengo yozizirayi, ndipo sanathe sabata m'chipatala. Akuluampingo anabwera kudzapepesa, n'kunena mofatsa kuti malemu analibe kalata ya umembala wa mpingo, lamulo ndi lamulo. Anatipatsa mkulu mmodzi woti adzapemphere ngati woyandikana nafe nyumba. Amayi anzanga a chigwirizano, amene ndakhala ndikuimba nawo pa maliro a zidakwa zobatizidwa ndi a mbava zenizeni zokhala ndi kalata, anabwera opanda yunifolomu, atavala zitenje wamba, n'kukhala osaimba ngakhale nyimbo imodzi. Alonda ndi a kabaza ndi amene anakumba manda.

M'mawa wa tsiku loika maliro a Makwinja anatumiza lole yonyamula anthu. Laisoni, pothokoza, anawapatsa mpata woyankhula. Anaima mwaulemu, n'kuvula magalasi, n'kuyamba kufotokoza za kantini, za mvula, za sitima yoponda bomba. Ananena bwino, mawu akunjenjemera pamalo oyenera. Kenako anati:

"Nditaona ana athu atagona pa simenti, ndinamuitana mnyamata wanga wokhulupirikayu. Ndinati, Namakhwa, kiyi watayika, thyola loko. Moyo wa munthu uposa katundu. Iye sanazengereze. Anandimvera."

Anthu anang'ung'udza movomereza. Amayi ena anapukuta misozi. Munthu amene anawalanda ntchito, dzina ndi mgonero, anabwera kudzawalandanso chinthu chimodzi chimene chinatsala, iwo ali m'bokosi osatha kuyankha.

A Chisi ndi amene anadzuka. Anadzikoka pa ndodo zawo pakati pa amuna, n'kukuwa m'Chitumbuka: "Utesi! Mutesi iwe! Ine nkhawapo!" Anabwereza m'Chichewa kuti abale a ku Mulanje amve: "Bodza! Ndinalipo ine! Kiyi anali m'thumba mwako!" Amuna anayi anawagwira n'kuwanyamula kupita nawo kuseri kwa nyumba, ndodo imodzi n'kutsala pansi. Ankati aledzera, akusokoneza maliro. Anali atalawako, sindikana. Koma mowa sunadule mwendo uja. A Makwinja anadikira phokoso lithe, n'kunena kuti timukhululukire m'bale wathu, nkhondo inavulaza ambiri m'maganizo. Ndinayang'ana Laisoni. Iye ankayang'ana pansi.

Titabwera ku manda ndinapatsidwa jagi ndi beseni kuti ndisambitse m'manja alendo a pamipando. Ndinayamba kumapeto, ndikugwada pamaso pa aliyense. Nditafika pa a Makwinja anatambasula manja, mawondo anga n'kukana kupinda. Ndinawadutsa, n'kukagwada kwa wotsatira. Manja awo anakhala m'malere kanthawi, anthu onse akuona. Kenako ndinatenga madzi otsalawo n'kupita nawo kuseri kwa nyumba kwa a Chisi, amene anali atakhala pa njerwa akulira ngati mwana.

Laisoni akuti ndinamuchititsa manyazi, ndipo mpaka lero timayankhulana zofunika zokhazokha. Ndikudziwanso kuti adada akanandikalipira, chifukwa iwo munthu uja anamupatsa tiyi. Koma ine si adada. Kutchalitchi sindinapondekonso. Amayi a chigwirizano anabwera kudzandiona Lachinayi lapitali, atavala yunifolomu yawo yoyera, yosita bwino. Ndinawauza kuti yunifolomuyo yachedwa ndi sabata zitatu.

Chipinda chawo chili kumapeto kwa nyumba, zenera lake loyang'ana ku mpanda wa malata. Zaka khumi ndi ziwiri sindinalowemo ngakhale kamodzi, mwambo sunkalola, ndipo ankasesamo okha. Abale a ku Mulanje anatenga zovala ndi bedi pobwerera. Ndinalowamo koyamba dzana, ndili ndi tsache. Ndi kachipinda kakang'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Pasimenti pali timaenje tinayi pamene panali miyendo ya bedi. Pakhoma, pamene ankatsamira mutu, laimu anada n'kusalala. Galasi limodzi la zenera linasweka kalekale, iwo n'kutsekapo ndi katoni osauza aliyense, ndipo katoniyo inafewa ndi chinyezi, mphepo ikungolowa mmene ikufunira. Ndi mmenemo mmene ankagona nyengo yozizira yonse, ife tili mbali inayo ya khoma. Ndinaima pakati pa chipindacho ndi tsache m'manja. Munalibe choti ndisese.